Tinanyamula malaya, iwo ankafuna poto

Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika wa fodya wa Chinkhoma kuno ku Kasungu, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala msungichuma wa banki m'khonde yathu. Ndife amayi okhaokha. Ena ndi a Chigwirizano, ena Akatolika, ena a Dorika, awiri ndi Asilamu, koma Lachiwiri masana tikayala mphasa pansi pa mtengo wa mango timangokhala amayi ofuna ngongole ya geni. Za kuthandiza anthu ovutika sitinakhalepo pansi n'kupangana. Zinangotigwera.

Lachiwiri la pa 14 Malichi 2023 mnzathu wina anafika mochedwa, wopanda ndalama ya masheya, foni ili m'manja. Ndi mkazi wa tenanti, kwawo ku Phalombe. Anakhala kumapeto kwa mphasa n'kumangoimba nambala imodzimodzi. Apampando atamufunsa, anati, "Amayi, foni ya mayi anga sikugwira kuyambira Lamulungu. Ya mchemwali wanga nayonso zii."

Amene sadziwa Kasungu angadabwe kuti namondwe wa Freddy, amene anasakaza kutali makilomita oposa 400 kuchokera kuno, anatikhudza bwanji. M'maesiteti a fodya kuno mwadzaza anthu a ku Phalombe, Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Ena anabwera dzana, ena anabadwira konkuno koma maliro amakaikabe kwawo. Choncho pamene wailesi inkanena za matope amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndi za midzi imene inakokoloka ku Phalombe ndi ku Mulanje, kuno kunali anthu amene ankamva mayina a midzi yawo. Pa 13 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anali atalengeza kuti chigawo cha kummwera chagwa m'ngozi, ndipo posakhalitsa analengeza masiku 14 olira. Pambuyo pake tinamva kuti namondweyo anayenda masiku 36 kuchokera kufupi ndi Australia, kuti anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Mnzathu uja dzina loti Freddy sankalitchula. Ankati napolo, monga mmene mayi ake ankatchulira madzi ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Michesi mu 1991.

Tsiku lomwelo tinagwirizana kuti tisonkhe. Mtsikana wina wa m'gulu mwathu anatsegula gulu la WhatsApp, tinalengeza m'matchalitchi ndi kumzikiti, ndipo pasanathe sabata chipinda cha kuseri kwa sitolo chinadzaza mpaka kudenga.

Chinadzaza ndi zovala. Chifukwa chake ndinachimvetsa mochedwa. Malichi kuno ndi mwezi wa njala. Nkhokwe zilibe kanthu, chimanga chikadali chachiwisi m'munda, fodya ali m'zigafa ndipo msika sutsegulidwa mpaka Epulo. Munthu ukamuuza kuti thandiza, ndalama alibe, ufa akudya wopima ndi mbale, ndiye amalowa m'nyumba n'kutsegula chikwama cha zovala zakale. Mtima wake ndi wabwino. Ife tinkalandira ndi manja awiri, kuthokoza, kuponya m'thumba n'kumanga, osayang'ana n'komwe zimene zili mkatimo. Pambali pa mulu wa zovalawo panali matumba anayi a ufa wa mgaiwa, mchere pang'ono, ndi ndalama zimene ankatumiza abale a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg.

Tinachita hayala lole ya matani atatu. Mtengo wake unadya pafupifupi theka la ndalama zonse zimene tinasonkha, koma panalibe amene anatsutsa, chifukwa tonse tinkafuna kuona katundu wathu akunyamuka, anthu akutiona. Tinapita amayi anayi, pamodzi ndi mnzathu wa ku Phalombe uja. Tinanyamuka mbandakucha, kudutsa Mponela, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, kuwoloka Shire pa Zalewa, n'kukagona ku Limbe m'nyumba ya mbale wa apampando. M'mawa mwake, titayandikira kumene tinkapita, tinapeza msewu utaduka. Dalaivala anati sapitirira. Tinalipanso anyamata a kabaza kuti atute matumba, ife tikutsatira wapansi m'matope, nsapato zili m'manja.

Msasa unali pasukulu ya pulaimale, monga inalili misasa yambiri nthawi imeneyo. Madesiki anali ataunjikidwa panja. Amayi ndi ana ankagona m'makalasi ena, abambo m'makalasi ena, ndipo fungo la zovala zosauma linkakulandira usanafike pakhomo. Mnzathu anawapeza mayi ake ali moyo, atakhala pakhonde la Sitandade 3 ndi adzukulu atatu. Mchemwali wake, mayi wa anawo, sanapezeke mpaka lero. Za kulira kumene kunali pamenepo sindilemba.

Gogoyo atatonthola anatilonjera mmodzimmodzi, kutifunsa za ulendo, kutithokoza kuti tachokera kutali. Kenako anayang'ana matumba athu aja n'kufunsa motsitsa mawu, "Ana anga, poto mwabwera naye?"

Tinayang'anana. Poto ayi.

Anatilozera kuseri kwa kalasi. Ufa unalipo, mabungwe ndi anthu ena akufuna kwabwino anali atafika kale ndi ufa ndi nyemba. Koma poto mmodzi ankaphikira mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi mosinthana. Banja lomaliza linkadya nsima yamasana dzuwa litapendeka. Mayi wina ankaphika phala la mwana m'chitini cha penti. Mithiko anali atasema ku nthambi za mtengo wa pasukulupo. Madzi akakokolola nyumba satenga zovala zokha. Amatenga poto, ndowa, mbale, mtondo, lichero, khasu, zonse zimene mayi amagwira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ife amayi anzawo, amene timagwira zinthu zomwezo tsiku ndi tsiku, sitinaganizeko ngakhale mmodzi. Safunsa anadya phula, ndipo ife tinayenda ulendo wonsewo osaimbira munthu aliyense wa kumeneko kumufunsa kuti mukusowa chiyani.

Titamasula matumba ndi pamene manyazi anandigwira zenizeni. Munatuluka nsapato ya gogoda ya phazi limodzi, majekete a suti, diresi la operekeza mkwatibwi, makabudula obooka kumbuyo, malaya opanda mabatani, zina zosachapa. Zovala za ana aang'ono, zimene zinkafunika kwambiri, zinali zochepa. Ine telala, amene ndikanatha kusankha ndi kusoka zong'ambikazo usiku umodzi kunyumba, ndinaima pamenepo ngati ndabwera kudzataya zinyalala pakhomo pa anamfedwa.

Cholakwa chachiwiri tinachichita nthawi yomweyo. Tinayamba kugawa tokha, pabwalo, aliyense wotambasula dzanja. M'kanthawi kochepa anthu anatiunjirira. Anyamata amphamvu anatenga kawiri katatu, thumba limodzi la ufa linang'ambika pokokerana, ndipo nkhalamba ndi amayi oyembekezera anangoima patali kuonerera. Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wa komiti ya pamsasapo, wochepa thupi, wa mawu akulu, atanyamula kope lachikuto cholimba. Anakhazika anthu pansi, kenako anatitengera pambali. "Achemwali, mukanayamba mwationa. Muno muli mayina a mabanja onse, ndi amene analandira dzulo, ndi amene sanalandire." Ife tinali titadumpha dala komitiyo ndi ofesi ya bwanamkubwa, poopa kuti katundu akadutsa m'manja ambiri amachepa. Umboni tinalibe, zinali zongomva. Pano maganizo anga ndi akuti muziwadziwitsa a boma oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, a DoDMA kapena a kwa bwanamkubwa, chifukwa ndi amene amadziwa msasa umene walandira kale ndi umene waiwalika. Gwiritsani ntchito kaundula wa komiti ya pamalopo. Koma pogawa mukhalepo, maso anu aone.

Tili mkati mogawa mwadongosolo, mtsikana wina wa zaka ngati 16 anandikodola. Anali atakhala pansi motsamira khoma ndipo sanadzuke. Ndinagwada pafupi naye. "Amayi, chitenje chilipo?" Ndinati zatha. Anayang'ana pansi n'kunena kuti ali kumwezi, ndipo ili ndi tsiku lachiwiri asanachoke pakhomalo kupatula usiku. Analibe nyanda, analibe sopo, ndipo posambira pake panali poonekera. Ndinamasula chitenje chimene ndinavala pamwamba pa siketi n'kumupatsa. M'matumba athu onse aja munali zitenje zosakwana khumi. Chonsecho mayi aliyense amadziwa ntchito ya chitenje: kubereka mwana, kufunda, kuyala, kutchinga posamba, kung'amba nyanda, kupanga nkhata, kusefa madzi. Chitenje chimodzi chimaposa madiresi asanu. Ndipo nkhani ngati imeneyi mtsikana sangauze bambo wonyamula kaundula. Amadikira mayi mnzake, ndiye ngati amayi afika koma sakhala pansi kumvetsera, palibe amene aimve.

Mlangizi wa zaumoyo amene tinamupeza pamenepo anawonjezera zake. Kolera inali itapha kale anthu oposa 1,000 m'dziko muno namondweyo asanafike, ndipo pamsasa anthu mazana ankagwiritsa ntchito zimbudzi zochepa za ana asukulu. Iye ankafuna ndowa zokhala ndi zivindikiro, sopo, ndi mankhwala othira m'madzi akumwa monga klorini kapena WaterGuard. Ndinalemba kuseri kwa risiti ya lole: mapoto, ndowa, zitenje, sopo, maneti a udzudzu, mapepala a pulasitiki. Kapepala kameneko ndikadali nako.

Za zithunzi ndinene mwachidule. Mtsikana wathu wa WhatsApp ankajambula kuti amene anasonkha aone kuti katundu wafika. Bambo wina wachikulire, polandira malaya, anabisa nkhope ndi chipewa. Kuyambira pamenepo timajambula katundu ndi kope, nkhope za anthu ayi.

Titabwerera ku Kasungu ndinapeza moto wina ukundidikira. Ndalama zonse zinkabwera pa nambala yanga ya Airtel Money, nambala yomweyo imene makasitomala anga amalipirira zovala. Potapa pamadulidwa kangachepe, sindinkalemba. Anyamata a kabaza sanapereke risiti. Chakudya cha panjira, mayunitsi, ndalama imene tinapatsa gogo uja m'manja, zonsezo zinali m'mutu mwanga mokha. Powerengera pamaso pa gulu, ndalama zina sizinaoneke kumene zinapita. Sizinali zambiri, koma sabata yomweyo anthu anandiona ndikutsitsa nsalu zatsopano za geni yanga. Lachisanu lisanafike nkhani inali ponseponse kuchigayo ndi kumjigo kuti telala wadya ndalama za anthu a namondwe. Ndinalira usiku wonse. Bambo a kunyumba anati, "Ndinakuuzani, zisiyeni zimenezi." Ndinatsala pang'ono kusiyadi.

Apampando ndi amene anakonza. Ndi mayi wachikulire, sakweza mawu. Anati, "Bokosi la banki yathu lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu. Si chifukwa choti timaganizirana zakuba. Nanga ndalama za ovutika tazisiyiranji m'thumba la munthu mmodzi?" Ndinabweza ndalama yosowayo kuchokera m'thumba mwanga, ngakhale ndikudziwa kuti sindinadye, kuti nkhani ithe. Tinagula simu yakeyake ndi kafoni kamabatani, ndipo zimakhala m'bokosi lija. Potapa pamapita anthu awiri. Chilichonse chimalembedwa nthawi yomweyo, ngakhale ndalama ya mandasi kapena ya chimbudzi cha padepoti, ndipo amene walandira popanda risiti amasaina kapena kudinda chala m'kope. Lachiwiri lililonse mlembi amawerenga mokweza zolowa ndi zotuluka, kenako timajambula tsambalo n'kuliponya pa WhatsApp. Ngati mukuyamba gulu lotere, chitani zimenezi tsiku loyamba, musanalandire ngakhale K500. Msungichuma wosalemba amaoneka wakuba ngakhale asanabe.

Ulendo wachiwiri sitinachite hayala galimoto. Tinayamba taimbira mayi wa komiti uja, iye anafunsa amayi anzake, natiuza. Anapita anthu awiri okha pa basi, ndalama zili m'foni, n'kukagula zonse ku Limbe: mapoto, ndowa, sopo, zitenje zogula pamtengo wa pikulitsa. Ndalama imene ikanathera lole inagula mapoto ena ambiri. Ine ndinatsala kuno ndi atelala anzanga awiri, tikusoka nyanda zochapa kuchokera ku zidutswa za zitenje ndi nsalu yofewa ya mabulangeti a makanda. Tinkaika zinayi m'kathumba pamodzi ndi kabudula wamkati ndi sopo, kathumba kosaonekera mkati, kuti mtsikana anyamule popanda anyamata kumuseka. Zovala zotsala m'chipinda chija tinazisankha bwinobwino. Zabwino tinachapa ndi kusita, zina tinagulitsa pamsika ngati kaunjika n'kuika ndalamayo m'bokosi, ndipo zotheratu tinadula zopukutira.

Koma ntchito imene inatitengera nthawi yaitali siinali ku Phalombe. Inatipeza konkuno.

Kumapeto kwa Epulo, sukulu zikufuna makalasi awo ndipo misasa ikuyamba kutsekedwa, anthu anayamba kufika mwakachetechete. Gogo uja anabwera ndi adzukulu atatu aja kudzakhala kwa mwana wake. Pa esiteti ina panafika mlamu ndi ana. Pena mtsikana woyembekezera yekha. Anthu amenewa sanali pa kaundula wa msasa uliwonse, ndipo palibe galimoto ya bungwe imene ikanabwera kudzawafuna ku Kasungu, kumene namondwe sanafike. Tinapempha anyakwawa ndi akapitawo a m'maesiteti kuti atithandize kuwerenga, ndipo m'dera lathu lokha tinapeza makomo 11 amene analandira alendo otere.

Muyenera kudziwa mmene tenanti amakhalira kuti mumvetse kulemera kwake. Nyumba yake ndi ya udzu, chipinda chimodzi kapena ziwiri. Chakudya amalandira phoso kwa mwini esiteti, ndipo phosolo amadzadula pa malipiro fodya akagulitsidwa. Pakhomo pakawonjezeka pakamwa panayi, ndiye kuti ngongole ikukula, kapena aliyense achepetse nsima. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa sanakamuke dzuwa litatuluka. Anakhala miyezi. Mnzathu uja, amene poyamba ankalira ndi chisangalalo kuti mayi ake ali moyo, pofika Juni ankabwera ku banki ali wotuwa, ndipo tsiku lina anandinong'oneza kuti iye ndi mwamuna wake sakulankhulana.

Apanso tinapunthwa. Tinagulira ana amasiye atatu aja nsapato za pulasitiki ndi makope, n'kukapereka pamaso pa ana a mwini nyumba, amene nawonso ankayenda chosavala. Madzulo ake ana anamenyana, ndipo bambo wa pakhomopo ananena mawu amene anatifika: "Ine ndikudyetsa anthu asanu ndi anayi, koma ovutika ndi atatu okha?" Ananena zoona. Kuyambira pamenepo thandizo limapita ku khomo lonse. Ufa ndi wa poto wa onse, sopo ndi wa onse, ndipo ngati nsapato sizikwanira ana onse a pakhomopo, timadikira mpaka zikwane.

Pali mafunso ena amene munthu sangayankhe pagulu. Mayi wina mwa alendowo anayamba kuwonda ndi kutsokomola. Tinkaganiza kuti ndi maganizo. Mnzathu amene amathandiza kusikelo anapita kukacheza naye yekha, akutongola chimanga limodzi, n'kumufunsa ngati pali mankhwala amene ankamwa tsiku ndi tsiku kwawo. Mayiyo anakhala chete nthawi yaitali. Ankamwa ma ARV. Botolo ndi buku la kuchipatala zinapita ndi madzi, kumsasa analandirako a mwezi umodzi, ndipo atafika kuno anaopa kufunsa chifukwa achibale amene ankamusunga sankadziwa. Panali patatha masabata atatu osamwa. Mnzathuyo anamuperekeza kuchipatala ngati akupita kumsika, ndipo anayambiranso kulandira, mwaulere monga zimakhalira m'zipatala za boma. Tsopano mlendo aliyense timamufunsa funso limenelo, pambali, mayi mmodzi yekha, ndipo sititchula matenda amodzi. Timati, "Kaya a BP, kaya a shuga, a khunyu, a TB, kaya ena alionse." Munthu amasankha yekha poyankhira. Zimene wayankha sizilowa m'kope, ndipo sizifika pamphasa ya Lachiwiri.

Mapepala nawo ndi nkhani. Ana anafika opanda kalata ya transifa, poti sukulu yawo ndi imene inali msasa. Amfumu atalemba kalata yochitira umboni, aphunzitsi aakulu anawalandira, ine n'kusoka mayunifolomu. Akuluakulu ambiri anataya chiphaso cha unzika, ndipo popanda chimenecho sulembetsa simu, sugula feteleza wotsika mtengo. Kupeza china kumafuna kupita kuboma kangapo, ndiye ndalama ya thiransipoti imeneyo tinaiika pa ndondomeko ngati mmene timaikira ufa. Palibe amene amajambula chithunzi cha ndalama ya minibasi n'kuchiponya pa Facebook, koma inathandiza kuposa majekete a suti aja.

Chinthu chimodzi chimene tinachita bwino, ndipo ndimachinyadira, ndi kubwereranso m'makomo nthawi yokolola. Mu Malichi anthu anali ndi chisoni koma analibe kanthu. Mu Juni ndi Julayi anali ndi chimanga, mtedza, soya ndi ndalama ya fodya, koma wailesi inali itasiya kunena za Freddy ndipo ambiri anali ataiwala. Tinayenda khomo ndi khomo ndi ndowa, awiriawiri, osapempha ndalama. Tinkangoti, "Tathirani kambale kamodzi ka alendo athu aja." Munthu amene akupeta mtedza pabwalo savutika kuthira mbale imodzi. Zimene tinapeza miyezi iwiri imeneyo zinaposa kutali zonse za mu Malichi. Chimanga tinagawira makomo 11 aja pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, kuti chisathe nthawi imodzi. Mtedza ndi soya tinagulitsa n'kutumiza ndalama kwa amene anabwerera kumidzi yawo. Titawafunsa, ulendo uno sanatchule poto. Ankafuna makasu, mbewu za kudimba ndi mbewu ya mbatata, chifukwa minda yawo inali itakwiririka ndi mchenga ndi miyala ndipo chaka chimenecho sanakolole kanthu. Zosowa zimasintha. Amene anafunsa kamodzi mu Malichi n'kumatumizabe zomwezo mu Ogasiti akuthandiza munthu wa m'mutu mwake.

Ndalama zina tinazisunga. Tinkafuna zikwane malata a kanyumba ka gogo uja, kuti akabwerera kwawo akakhale pouma. Ine ndi amene ndinaumirira kuti tidikire zikwane kaye, tikagule onse nthawi imodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo m'masiku ochepa mitengo ya m'masitolo a zomangira inasintha. Ndalama imene inatsala pang'ono kukwana inangogula malata opitirira theka pang'ono. Tikanagula limodzilimodzi n'kumaimika kuseri kwa sitolo, tikanakhala nawo. Ndalama ya thandizo si ya kusunga, isandutseni chinthu msanga.

Musanamizidwe kuti gulu limakhalabe lamoto. Pa msonkhano woyamba tinalipo amayi 26, ndipo ena amene sanali a banki anabwera kudzalembetsa. Pofika nthawi yososa tinatsala asanu ndi mmodzi. Ena amuna awo anawaletsa, ena geni inkawonongeka, ena anangotopa. Poyamba ndinkawadandaula, koma pano ayi. Mayi amene ali ndi munda, ana, odwala ndi maliro a m'mudzi sangathe kumayenda m'maesiteti sabata iliyonse kwa chaka chathunthu. Chimene chinatithandiza ndi kugawana makomo, mayi aliyense makomo awiri oyandikana ndi kwawo, kukawaona kamodzi pa masabata awiri, basi. Ndipo alendo eni akewo tinawalowetsa m'ntchito. Gogo uja ndi amene ankapeta ndi kupima chimanga pogawa, ndipo palibe amene ankadandaula kuti mbale yake yachepa. Mtsikana woyembekezera uja atachira anaphunzira kusoka nyanda pa makina anga, ndipo pano amasoka yekha ndi kugulitsa. Tsiku limene gogoyo anayamba kutikalipira kuti tikutaya chimanga pansi, ndinadziwa kuti wayamba kumva ngati ali kwawo.

Mwa adzukulu atatu aja, wamng'ono ndi mnyamata, nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Akaweruka kusukulu ankakonda kudzakhala pakhonde langa kutola zidutswa za nsalu. Sankalankhula kwambiri. Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inabwera masana, yamphamvu, ya mabingu, ikumenya malata a sitolo moti munthu sungamve mnzako. Ana ena anathamangira pabwalo kukavina m'madzi. Ndinayang'ana pambali, mnyamata palibe. Ndinamupeza pansi pa makina, atadzipinda pa chopondera, manja atatseka makutu, kabudula atanyowa. Ndinasiya kusoka n'kukhala pansi pomwepo, ndinamufunditsa nsalu ya kasitomala, sindinanene kanthu. Mvula itayamba kukata anatulutsa mutu n'kufunsa, "Amayi, kuno phiri lili kuti?"

Ndinamunyamula n'kuima naye kumapeto kwa khonde. Ndinamuonetsa minda ya fodya, yathyathyathya mpaka kumene maso alekezera. Ndinati phiri la Kasungu lili kutali, kuboma, ndipo ndi limodzi lokha. Anayang'ana mbali zonse, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga. Kenako anapempha kuti ndimutsitse.

Nyengo yonse ya mvula imeneyo, mitambo ikangoda ankabwera yekha kudzakhala pafupi ndi makina. Ndinauza aphunzitsi ake kuti mvula ikayamba ali m'kalasi asamukalipire akalowa pansi pa desiki. Gogo wake anabwerera ku Phalombe mu Meyi 2024 ndi ana awiri akuluakulu, malata ake ochepa aja atamangidwa pamwamba pa basi, poto ndi ndowa zili pamiyendo. Mnyamatayo anatsala kuno kwa mayi ake aang'ono. Pano mvula ikagwa amaima pakhonde n'kutambasula dzanja kuti madontho amugwere, koma pabwalo sanayambebe kutuluka.